Timafuta ta m'Maso mwa Khanda: Mbiri ya Chinzonono ndi Mankhwala Ake

Amayi onse amene adachirira pa chipatala cha Balaka kapena cha Liwonde, ngakhalenso pa zipatala zazing'ono za ku Ntaja, Ulongwe, Phalula ndi Utale, adzakumbukira kuti mwana akangobadwa, asanagwire n'komwe bere, namwino amatsegula zikope zake ndi kufinyiramo timafuta tachikasu. Ambiri a ife tidaziona zimenezi osafunsa kanthu, poganiza kuti ndi mwambo chabe wa kuchipatala, monga kuyesa mwana pa sikelo. Komatu timafuta timeneti tili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiri yake ikukhudza nthenda imene sitikonda kuitchula pamaso pa ana kapena pamaso pa apongozi. Nthendayo ndi chinzonono. Tikupempha owerenga athu kuti atikhululukire ngati mwezi uno tilankhula mosapsatira, pakuti akulu adati mbewa ya manyazi idafera ku dzenje.

Kachirombo kamene kadabisala zaka mazana

Chinzonono ndi nthenda yakale kwambiri, koma kwa zaka mazana ambiri ngakhale madokotala a ku Ulaya ankachisokoneza ndi chindoko, poyesa kuti ndi nthenda imodzi yoonekera mwa njira ziwiri. Mu 1838 dokotala wa ku Paris, Philippe Ricord, ndiye adatsimikiza kuti ndi matenda awiri osiyana. Patapita zaka makumi anayi, mu 1879, dokotala wachinyamata wa ku Breslau, Albert Neisser, adaika kadontho ka mafinya a wodwala pansi pa maikulosikopu, naona tizirombo tokhala tiwiritiwiri, tooneka ngati nyemba ziwiri zoyang'anizana. Mpaka lero kachirombo kameneka kamatchedwa ndi dzina lake. Mu 1884 Hans Christian Gram wa ku Denmark adapeza njira yopaka tizirombo utoto kuti tizisiyanitsidwa mosavuta, ndipo njira yomweyo ikugwirabe ntchito m'malabotale athu.

Kachiromboka kamapatsirana pogonana. Kakalowa mwa mwamuna, patangopita masiku owerengeka amayamba kumva kuotcha pokodza ndipo mafinya amatuluka. Mwa amayi nkhani yake ndi yina: ambiri samva chilichonse, kapena amangoona chikazi chasintha pang'ono, kotero kuti nthenda imakhala m'thupi miyezi yambiri mwini wake asakudziwa. Pobereka, mwana amadutsa pamene pali tizirombo, ndipo timalowa m'maso mwake. Pasanathe mlungu zikope zimatupa, mafinya amadzaza, ndipo ngati thandizo lichedwa diso limaphulika, mwana nakhala wakhungu moyo wake wonse.

Pa chipatala cha amayi cha ku Leipzig, pafupifupi khanda limodzi mwa khumi aliwonse linkadwala maso motere. Dokotala wa pamenepo, Carl Credé, adayamba kudonthezera m'maso mwa khanda lililonse mankhwala a siliva, ndipo mu 1881 adalengeza kuti odwalawo achepa kufika posakwana mmodzi mwa zana. Mankhwala a silivawo adalowedwa m'malo ndi ena osaluma, monga mafuta a tetracycline amene anamwino athu amagwiritsa ntchito, koma nzeru yake ndi yomweyo. Apa ndi pamene padachokera timafuta tija. Akuluakulu okha ndiwo adatsala opanda mankhwala enieni. Mwamuna wodwala ankatsukidwa njira ya mkodzo ndi madzi ofiirira a mankhwala, tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, ndi ululu waukulu, ndipo ambiri ankathawa asanachire.

Msonkho, njanji ndi machona

Kuti timvetse m'mene nthendayi idayendera kwathu kuno, tiyenera kukumbukira m'mene anthu eni ake adayendera. Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, amuna adayamba kusiya midzi kukafuna ndalama: ena ku minda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre idadutsa pa Balaka mpaka ku Salima, ndipo malo amene kale adali tchire adasanduka pokumanira anthu a mitundu yonse. Mu 1970 njanji ina idatsegulidwa kuchokera pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala. Boma lonse lino, limene kale linkatchedwa Kasupe, ndipo mu 1998 lidagawidwa pawiri kukhala Machinga ndi Balaka, lidakhala mphambano ya njanji ndi misewu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera mu bungwe la Wenela. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda adaimitsa ulendo wa ku Joni. Udayambanso mu 1977 pansi pa Theba, mpaka udatheratu mu 1988 chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. M'zaka zonsezo mwamuna ankakhala zaka ziwiri m'makomboni a amuna okhaokha, mkazi wake ali kumudzi ndi khasu. Ena sadabwererenso, ndiwo machona aja. Amene adabwera adabwera ndi njinga, wailesi ndi bulangete, koma ena mwa iwo adanyamulanso nthenda imene sankaidziwa bwino kapena ankachita nayo manyazi. Chimodzimodzi asodzi a ku Nyanja ya Chilwa, amene amakhala miyezi m'zimbowera kutali ndi mabanja awo, ndiponso ogula nsomba oyenda m'madoko.

Sitikunena izi kuti tiloze chala agogo athu. Amene adapatula mwamuna ndi mkazi wake adali msonkho ndi umphawi, ndipo paliponse pa dziko lapansi pamene mabanja adapatulidwa motere, matenda ameneŵa adatsata pambuyo. Amishoni a Montfort amene adafika ku Nzama mu 1901, nadzatsegula Utale patapita zaka zochepa, pamodzi ndi masisiteri amene ankatsuka zilonda, kusamala akhate ndi kuchiritsa amayi, adaona mavuto onsewa ndi maso awo. Koma mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 padalibe dokotala aliyense, wa mishoni kapena wa boma, ku Zomba kapena ku London, amene adali ndi mankhwala opha kachiromboka msanga.

Mankhwala odabwitsa amene sadakhalitse

Mu 1937 madokotala adaona kuti mankhwala a sulfa akuchiza chinzonono, ndipo mu 1938 kampani ya May & Baker ya ku England idatulutsa mapiritsi otchuka aja a M&B 693. Nthenda imene inkafuna milungu ya kutsuka idayamba kutha ndi mapiritsi a masiku ochepa. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, mapiritsiwo adali atayamba kale kulephera pa odwala ambiri. Mwamwayi penicillin, amene Alexander Fleming adamutulukira mu 1928, adayamba kugwiritsidwa ntchito pa chinzonono mu 1943, ndipo jakisoni wochepa chabe ankakwanira. Kwa zaka makumi atatu penicillin adali mfumu. Achikulire athu akukumbukira m'mene anthu ankakhulupirira jakisoni, kotero kuti wodwala akapatsidwa mapiritsi okha ankabwerera kwawo akudandaula kuti a dokotala sadamuthandize.

Koma chaka ndi chaka mlingo wa penicillin unkafunika kuonjezedwa. Mu 1976 ku England ndi ku America kudapezeka mtundu wa kachiromboka umene unkatulutsa madzi ake ophwanya penicillin, ndipo pofufuza adaona kuti mitundu yotere idabuka ku West Africa ndi ku Asia. M'zaka za m'ma 1980 tetracycline nayenso adagonja, ndipo pambuyo pake ciprofloxacin adatsata njira yomweyo.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumva kwa mlimi. Tikathira mankhwala osakwanira m'munda wa thonje, mbozi zofooka zimafa, zolimba zimatsala, ndipo zotsalazo ndizo zimaswana. Chaka chamawa mankhwala omwewo sagwiranso. Tizirombo ta m'thupi timachitanso chimodzimodzi. Munthu akagula makapusozi awiri kapena anayi pa msika, kapena akagawana ndi mnzake mankhwala amene adalembedwera munthu mmodzi, kuotcha kumaleka ndipo mafinya amauma, iye nayesa kuti wachira. Komatu tizirombo tolimba tatsala, ndipo ndito tidzapita kwa mkazi wake. Manyazi amene amatumiza munthu kwa wogulitsa makapusozi m'malo mwa chipatala ndiwo akhala akufooketsa mankhwala athu, amodzi pambuyo pa anzake.

Amayi amene adanyozedwa popanda mlandu

Pali mbali ina ya mbiri imeneyi imene siidalembedwe m'mabuku a chipatala, koma idalembedwa m'mitima ya amayi. Chinzonono chikakhalitsa mwa mayi chimakwera mpaka ku chiberekero ndi ku machubu amene dzira limadutsamo. Machubuwo amatupa, napola ndi zipsera, natsekeka. Mayi wotere amamva kupweteka m'chinena kosatha, ndipo mwina sadzatenganso pathupi, kapena mimba imakhala m'chubu n'kuphulika, zimene zimapha ngati opaleshoni ichedwa. Mwamunanso akhoza kutupa machende ndi kutaya mphamvu yobereka, kapena njira ya mkodzo imaphinjika atakalamba.

Pakati pa 1979 ndi 1984 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidafufuza mabanja osabereka m'maiko 25, ndipo ku Africa kafukufukuyo adachitikira ku Lusaka, Nairobi, Ibadan ndi Yaoundé. Zotsatira zake zidatuluka mu 1985, ndipo zidaonetsa kuti mwa amayi a ku Africa amene adayezedwa, oposa 8 mwa 10 aliwonse vuto lawo lidachokera ku matenda a tizirombo amene adaononga njira zoberekera: ena opatsirana pogonana, ena olowa pa nthawi yobereka kapena yopita padera. Ndiye kunena kuti ambiri mwa amayi amenewa sadabadwe osabereka, ndipo akadathandizidwa msanga akadakhala ndi ana.

Tiyeni tsono tikumbukire milandu imene ankhoswe athu akhala akuweruza. Ndi amayi angati amene adatchedwa chumba, nasekedwa pa mjigo ndi pa mtondo? Ndi angati amene mwamuna adawasiya pa chikamwini n'kukakwatira kwina, pamene nthenda idabwera ndi iye yemweyo? Ndi agogo angati amene adanamiziridwa kuti adamanga mimba ya mdzukulu wawo? Pamene ophunzira adaona munthu wobadwa wakhungu, funso lawo loyamba lidali lofuna kudziwa wochimwa, koma Ambuye adasiya funsolo namuchiritsa munthuyo. Ifenso tikadafulumira kuperekeza odwala ku chipatala monga tidafulumirira kufuna wolakwa, mabanja ambiri akadalipo lero.

Zimene Malawi adaphunzitsa dziko

Edzi itapezeka m'dziko muno mu 1985, matenda opatsirana pogonana adayamba kuonedwa ndi diso lina. Mu 1992 ndi 1993, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala adayesa mankhwala osiyanasiyana pa amuna odwala chinzonono kuti aone amene akugwirabe ntchito. Adapeza kuti Bactrim, amene anthu ankamudalira kwambiri, ankalephera pa odwala pafupifupi theka, pamene jakisoni mmodzi wa gentamicin ankachiza pafupifupi 95 mwa 100 aliwonse, ndipo mtengo wake udali wotsika. Kuyambira 1993 Malawi adasankha gentamicin wa mamiligalamu 240, pamodzi ndi mapiritsi a doxycycline a masiku asanu ndi awiri othana ndi kachirombo kena kotchedwa chlamydia, kamene kamakonda kuyenda limodzi ndi chinzonono. Maiko olemera sankagwiritsa ntchito gentamicin pa nthendayi, koma mankhwala awo atayamba kufooka, akatswiri awo adatembenukira ku zimene zidachitika ku Malawi kuti aphunzirepo.

Nthawi yomweyo padasinthanso kayezedwe. Popeza zipatala zambiri za kumidzi zilibe labotale, boma lidatsata njira yochiza poona zizindikiro. Wodwala akafotokoza vuto lake ndipo wachipatala akamuona, amapatsidwa tsiku lomwelo mankhwala a matenda onse amene angabweretse zizindikiro zoterozo, osadikira zotsatira za magazi kapena mkodzo. Amapatsidwanso kakalata koti akapereke kwa mnzake wogona naye, kuti nayenso abwere. Njirayi idathandiza kuti munthu wa ku Nayuchi kapena ku Chikweo asayende ulendo wa tsiku lonse kukafuna maikulosikopu.

Phindu lake lidaoneka msanga. Mu 1995 kafukufuku wa ku Mwanza m'dziko la Tanzania adaonetsa kuti m'midzi imene matenda opatsirana pogonana ankachizidwa bwino, anthu otenga kachirombo ka HIV adachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Mu 1997 kafukufuku wina wochitikira ku Lilongwe adapeza kuti mwa amuna a HIV amene adalinso ndi mafinya m'njira ya mkodzo, kachirombo ka HIV kadali kochuluka kasanu ndi katatu mu umuna wawo kuposa mwa anzawo, ndipo atachizidwa kadayamba kutsika m'milungu iwiri yokha. Kuchiza chinzonono kudaoneka kuti ndi kutseka limodzi mwa makomo amene Edzi imalowera.

Pamene tafika

Njira yoona zizindikiro ili ndi chilema chimodzi chachikulu: siingapeze munthu amene alibe zizindikiro, ndipo ambiri otere ndi amayi. Maikulosikopu nayonso imaona bwino nthendayi mwa amuna, koma mwa amayi imaphonya kawirikawiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kudabwera njira yatsopano yopeza kachiromboka mu mkodzo ngakhale kali kochepa kwambiri. Makina a GeneXpert, amene zipatala zathu za maboma zidalandira kuti ziziyezera chifuwa chachikulu, akhoza kuyezanso chinzonono m'mphindi 90, koma zipangizo zake n'zodula, ndipo odwala ambiri amathandizidwabe poona zizindikiro. Ku sikelo ya amayi oyembekezera amayeza magazi a HIV ndi chindoko. Chinzonono sichioneka m'magazi amenewo. N'chifukwa chake mayi woyembekezera ayenera kuuza namwino akaona kusintha kulikonse, ndipo n'chifukwa chakenso timafuta ta m'maso tija sitiyenera kukanidwa.

Gentamicin adatumikira dziko lino zaka zoposa 25. Mu 2007 akatswiri a ku Lilongwe adapeza kuti akugwirabe bwino, koma kafukufuku wina wa pa chipatala cha Bwaila, amene adasindikizidwa mu 2022, adaonetsa kuti kachiromboka kayamba kumuzolowera ndipo odwala ena sakuchira. Bungwe la WHO, limene lidawerengera kuti mu 2020 mokha anthu oposa 82 miliyoni adatenga chinzonono pa dziko lonse, likulangiza jakisoni wa ceftriaxone. Komatu ku Asia ndi ku Ulaya kwapezeka kale mitundu imene ikulimbana ndi ceftriaxone yemweyo. Mankhwala atsopano otchedwa zoliflodacin adayesedwa m'maiko angapo kuphatikizapo South Africa, ndipo mu 2023 adaoneka kuti akuchiza bwino. Tikuthokoza chifukwa cha zimenezi, koma tisaiwale kuti sulfa, penicillin, tetracycline ndi ciprofloxacin adalandiridwanso ndi chimwemwe chotere pa nthawi yawo.

Zimene zili m'manja mwathu

Sitingapange mankhwala atsopano ku Balaka kapena ku Nsanama, koma tikhoza kusunga amene alipo. Amene waona chizindikiro apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa zipatala za boma thandizoli ndi laulere, ndipo achipatala amasunga chinsinsi. Alandire mankhwala amene wachipatala wasankha, popeza iye ndiye adziwa amene akugwira ntchito pa nthawi ino, ndipo amalize onse ngakhale kuotcha kwaleka. Asagone ndi mnzake mpaka patapita masiku asanu ndi awiri onse awiri atalandira mankhwala. Ngati zizindikiro sizikutha, abwerere ku chipatala komweko, osati ku msika. Ndipo tidziwe kuti kuchira chinzonono sikuteteza munthu kuti asadzatengenso.

Chovuta koposa ndi kakalata kaja. Mwamuna amene amakaponya m'chimbudzi cha pa chipatala pofuna kusunga mtendere m'nyumba, akugula mtendere wa mlungu umodzi ndi machubu a mkazi wake ndiponso maso a mwana wake wosabadwa, ndipo iye mwini adzatenganso nthendayo posachedwa. Kuulula n'kowawa, ndipo mkazi ali ndi ufulu wokwiya. Koma banja likhoza kupola ku mkwiyo, pamene chubu chotsekeka sichitsegukanso. Lonjezo la kukhulupirika limene tidapanga pa guwa ndilo chitetezo choyamba. Likasweka, chotsala ndi kunena zoona ndi kupita awiri ku chipatala.

Lero anyamata athu a ku Machinga ndi Balaka akupitanso ku Joni, osati pa ndege ya Wenela koma pa basi, ndipo amakhala zaka asanaone kwawo. Wobwera ku ulendo wautali achita bwino kuyamba wadzera ku chipatala pamodzi ndi mkazi wake, popanda wina kukayikira mnzake. Ankhoswe, alangizi a mabanja, anankungwi ndi atsogoleri a miphakati, amene amamva zinsinsi za m'nyumba asanazimve wina aliyense, aphunzire kufunsa funso limodzi banja losabereka likabwera kwa iwo: kodi nonse awiri mudapita kukayezedwa? Ndipo khanda likatupa maso ndi kutuluka mafinya m'masiku ake oyamba, tisathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba. Tithamange nalo ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo bambo ndi mayi ake alandirenso mankhwala.